Mtengo Wamera Nthambi

Velita akuti ndiimike bwino foni,
akungoona nsapato zanga.
Ndaimika. Tsopano akuiona:
yofiira ngati katondo,
yatsamira mpanda wa galaja pa Bembeke,
chifunga chikuinyambita pamsana.

Iye wangoweruka kumene ya usiku,
kusambitsa nkhalamba za eni ake
kwawoko.
Ndati kwawo? Pepa, mlongo.
Zaka zinayi zokha, lilime langa lakusamutsa kale.

Dzulo a Kanyumbu anati mamiliyoni asanu ndi atatu.
Lero, atamva kuti ndalama ikwera ndege,
akuti khumi ndi limodzi.
Mtengo wamera nthambi usiku umodzi
popanda mvula.

“Tsegula kumbuyo,” akutero Velita.
Muli dothi, chingwe cha mphira,
ndi kachewere mutatu atayamba kuphuka pakona.
“Imeneyi yasenza matumba angati, bambo?”
“Iyi? Yongopitira ku tchalitchi, mayi.”
“Tchalitchi chake cha pamsika wa Lizulu?”
Mnyamata wa masipanala waseka pansi pa lole
mpaka wagunditsa mutu.

“Ilizeni timve.”
Ndagunditsa foni pa injini
monga achitira adokotala pachifuwa cha bambo athu
Lachinayi lililonse ku Dedza,
atafika ali zii, mafupa atagwedezeka pa njinga yamoto.
Yatsokomola kawiri, yameza, yatsokomolanso.
“Chifuwa chimenecho ndikuchidziwa,” akutero,
“ndachimva usiku wonse m'chipinda chachisanu.
Chotsanipo awiri.”
“Mayi, mukufuna ana anga adye matayala?”
“Matayala akewo, osalala ngati mpini wakale?”

Apa netiweki yathawa.
Nkhope yake yauma pagalasi, kukamwa kuli yasa,
nambala ili pakati pa mano.

Tangoima. Basi ya ku Blantyre yadutsa.
A Kanyumbu akupukuta kalilole ndi mkono wa jekete,
kalilole woyera kale.
Kenaka, osandiyang'ana:
“Kumeneko ndege yake ndi zingati?”
Apisa m'thumba la m'kati,
atulutsa jumbo ya shuga yopindapinda,
m'menemo pasipoti yatsopano, yosadindidwa,
chithunzi cha mtsikana wa makutu ngati awo.
“Wamaliza unamwino. Chaka chachitatu ali pakhomo.
Wina ku Lilongwe akuti amupezera njira,
koma njirayo ikufuna galimotoyi.”

Foni yatsitsimuka.
“...ndi anayi, ndathera pomwepo!”
A Kanyumbu ailandira ndi manja awiri
ngati mbale ya pamaliro,
afunsa funso lawo lija.

Velita wakhala chete.
Ndikumva ketulo ikuwira kutsidya kwa nyanja.
“Wa ku Lilongweyo musamupatse kanthu,” akutero.
“Mwanayo andiimbire Loweruka, ndimuuze zonse,
ndi zimene sindiuza a kwathu zomwe.
Koma izo n'za Loweruka.
Kuno, bambo, chilichonse anamata kale mtengo,
ngakhale anyezi.
Ulipira, makina akuthokoza, utuluka.
Zaka zinayi sindinakanganepo ndi munthu pamalonda.
Musandilande. Mwati zingati?”

Ndiye ayambiranso, awiriwo,
wina kulumbira pa manda a amake,
wina kunamizira kudula foni,
mpaka dzuwa laboola chifunga pa phiri.
Asanu ndi anayi, n'kachidutswa pamwamba,
batire asinthe,
korona wa pakalilole achotse, ndi wa akazi awo.
Kachewere uja akuti ndi basera.

Ndakhala pa chiwongolero. Kiyi ndapotokola.
Zii.
A Kanyumbu avula jekete,
mnyamata uja watuluka pansi pa lole,
mapewa awo kumbuyo, msewu wotsetsereka pang'ono,
ndipo m'thumba la malaya anga,
pamtima penipeni,
mlongo wanga amene sanagone
akukuwa ngati ali pompano:
“Kankhani! Inu, kankhani!
Giya yachiwiri, Yowasi, yachiwiri!”