Kadontho

Unali usiku wanga wachitatu osagona.
Magetsi anali atapita, jenereta ikutsokomola kuseri kwa wodi ya ana.
Ndinalembera pabondo, ndikuwunikira ndi foni,
cholembera chitauma ngati Lutembwe mu Okutobala:
faifi, kadontho, ziro.
Kadonthoko sikanagwire papepala.

Sisita Zelipa anawerenga chimene maso ake anaona.
Masiku anayi mankhwala analowa mumtsempha wa Kambani,
mwana wa zaka zinayi wa ku Mchini,
amene anabwera panjinga ali kumsana kwa amake,
nthiti zikuvina ndi chibayo.

Chibayo chinatha.
Koma Lachisanu mbale yachitsulo inagwa pasimenti,
wodi yonse inadzidzimuka,
ngakhale khanda la pabedi la kukhomo linalira.
Kambani yekha sanacheuke.

Ndinatsegula fayilo. Ndinapeza dzanja langa.

A dokotala Njobvu anatseka chitseko asanayankhule.
"Matenda aakulu amagonthetsa ana, lemba zimenezo.
Adzafunsa ndani? Mayiyo sukulu anailekera panjira.
Ukatsegula pakamwa, woyamba kugwa ndi Zelipa,
ndipo ali ndi ana atatu pasukulu."
Sananene mwankhanza ayi.
Ananena ngati munthu wondifunditsa bulangete.

Amati wobisa matenda, maliro adzamuulula.
Koma pano maliro panalibe.
Mwana anali kudya nthochi, akugwedeza miyendo,
ndipo bodza likanakhala nafe mwamtendere
mpaka tonse kupuma pantchito.

Ndinayenda wapansi mpaka m'munsi mwa Kanjala,
ndinabwerera nsapato zili mbuu.
Ndinauza Zelipa poyamba: dzina lolembedwa likhala langa.
Anangoti, "Inenso ndinaona kuti achuluka.
Ndinaopa kukudzutsani."

Mayi Tisauke anali kuchapa kapu pampopi.
Ndinakhala pabenchi kuti ndisawatalikire.
Mawu a m'mabuku anabwera ambiri kudzandithandiza,
aataliatali, oterera, obisalamo bwino.
Ndinawabweza onse.
"Amayi, mwanayu sanagonthe ndi matenda.
Ndinalemba molakwa, analandira mankhwala ochuluka.
Ndine ndinachita."

Madzi anali kusefukira m'kapu.
"Ochuluka bwanji?"
Ndinayamba kufotokoza za kadontho.
Anandidula: "Ndimagulitsa tomato ku Kapata, adokotala.
Faifi kwacha ndi fifite kwacha ndimazisiyanitsa,
ngakhale mumdima."

Sanalire. Anatseka mpopi.
"Adzamvanso?"
Ndinati khutu lamanzere mwina, pang'ono. Lamanja ayi.
Ndinanena za kalata yopita ku Lusaka,
za ofesi yokadandaula, ndi dzina langa lonse,
kuti asavutike polifunsa.
"Mubwere mudzawauze nokha atate ake.
Mawu awa sindingawasenze ndekha mpaka ku Mchini."

Ndinapita Loweruka.
Bamboyo, mmisiri wa mbaula, anaika nyundo pansi
ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali.
Mpando sanandipatse.
Sindinauyembekezere.

Tsopano m'wodi mwathu mlingo uliwonse wa mwana
timauwerenga awiri, mokweza, ngati ana a giredi wani.
Ziro wa kumapeto tinamuthamangitsa.
Namwino akakayika amadzutsa dokotala,
ndipo dokotala wokalipa amalembedwa m'buku.
Ena amang'ung'udza kuti mzere ukuchedwa.
A Njobvu amandipatsa moni ndi chibwano.
Nkhani yanga ikali pa tebulo la akuluakulu,
sindidziwa idzatha bwanji.

Mwezi watha Zelipa anaimitsa dzanja la mnzanga
jekeseni ili kale m'mwamba.
Mwana ameneyo anapita kwawo ku Chadiza
osadziwa kanthu, akumva nkhuku ndi mabelu a njinga.

Kambani amabwera Lachiwiri loyamba la mwezi.
Amayang'ana milomo yanga ndikamayankhula,
choncho ndimayankhula pang'onopang'ono, nditagwada.
Amake sananenepo kuti andikhululukira.
Amangondipatsa khadi,
nkuima pambali panga pamene ndikulemba,
maso ali pa cholembera.