Liwu Lopotana

Bambo anga, a Shalva, amakwirira mitsuko m'nthaka
mpaka m'khosi,
ndipo mu Okutobala chipinda chapansi chimanunkha mphesa zowira.
Ndi mmenemo anakanganirana ndi a Vazgen,
mbadwa ya ku Armenia, wokonza mawotchi ku Telavi,
pa liwu limodzi lokha.

"Ghvino," anatero bambo, kukhosi kukupala ngati khasu pamwala.
"Ndi lathu. Enawa anangobwereka osabweza."
A Vazgen anapukusa mutu.
"Gini. Kwathu tinkatero
inu musanaphunzire kuumba dongo."

Ine ndinali nditakhala kuyunivesite ku Tbilisi miyezi itatu yokha,
choncho ndinkadziwa zonse.
Ndinawayalira mayina ngati nyemba padzuwa:
Ahiti akale ankati wiyana,
Agiriki woinos, mpaka w anaguluka ngati dzino la mwana
n'kutsala oinos;
Aroma vinum, Aheberi yayin.
Apwitikizi analikweza m'zombo lili vinho
n'kukalitsitsa m'madoko omwe ife sitidzawaona,
kumene malilime ena analisula mwawomwawo.
Ophunzira ena amati muzu wake ndi kupota, kupinda,
monga mpesa umakulungira kachala kake pa mtengo.
Ena amakana.
Koma mlomo woyamba kulitchula, ndinatero,
palibe akuudziwa.

Kunali zii.
Mumtsuko munkangomveka thovu likuphulika pang'onopang'ono.

Bambo anatunga ndi chikho, nalawa, nandiyang'ana.
"Ndiye ndagulitsa ng'ombe
kuti ukaphunzire kuti palibe akudziwa?"
A Vazgen anaseka mpaka kutsokomola,
ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi atatu
awiriwo anagwirizana chimodzi:
ndalama zapita m'madzi.

Chisanu cha chaka chotsatira chinatenga a Vazgen.
Mawotchi khumi ndi anayi a eni ake
anaima m'kashopu kawo, iliyonse pa ola lake.

Kumanda bambo anapita ndi botolo lopanda chizindikiro,
la mumtsuko womwe uja.
Anthu atabalalika anagwada movutikira, bondo limodzi likukana,
nathira pang'ono pa dothi lofiira.
Ndinali kumbuyo, ndinamva.
Sanati ghvino.
Anati gini,
molakwika, mwachibwibwi,
ngati munthu woyesa nsapato ya mnzake.

Nthaka inamwa osafunsa kuti ndi la ndani.
Ine mpaka lero ndimasanthula mabuku,
kutsata mpesa uja chobwerera m'mbuyo, mfundo ndi mfundo,
ndipo paliponse pomwe ndagwira
ndimapeza wakulunga kale pa mpanda wa mnansi.