Paipi ya Teuvo

Teuvo anati tikumbe chisanu chisanagwire nthaka,
pakuti kuno ku Kainuu, Okutobala akapita,
dothi limauma gwa,
fosholo imangobwerera m'manja.

Ine ndine mnansi chabe, za mawailesi sindizidziwa.
Koma chaka chatha ndine ndinadula waya wake
ndi makina otchetchera udzu,
iye ali pakati pa macheza ndi munthu wa ku Chile.
Mlandu suwola. Ndinadzaulipira ndi msana.

Mamita makumi atatu ndi asanu
kuchokera pa khoma la nyumba mpaka pa mlongoti.
Miyala. Mizu ya mitengo yoyera makungwa.
Supuni yadzimbiri imene Teuvo anaipukuta,
naiika m'thumba osanena kanthu.

Paipi yotuwa tinaigoneka pa mchenga,
polumikiza paliponse guluu wonunkha
mpaka mutu kuzungulira.
"Usaipinde mwankhanza," anatero.
"Waya sakhota ngati chigongono,
amakhota ngati mtsinje."
Pamalo otsika anaboola kabowo, pansi pake timiyala.
Ndinati, tamata ponseponse, mukubooleranji?
"Madzi saodira.
Adzalowa ndithu. Uwasiyire potulukira."

Kenaka anamanga kajumbo ku ulusi wa nayiloni
nakaika kukamwa kwa paipi.
Ine kumapeto enawo, nditagwira makina opopera fumbi
a mkazi wake Aune,
amene ankationera pawindo, manja m'chiuno.
Makina analira, ulusi unathamanga mumdima,
kajumbo kanatulukira kwa ine kali matope okhaokha.
Nkhalamba inaseka mpaka kutsokomola.

Ulusi unakoka chingwe, chingwe chinakoka waya
wakuda, wonenepa ngati chala chamanthu.
Iye kudzoza mafuta oterera ndi kukankha,
ine kukoka.
Koka! Ima! Kokanso!
Pokhota pachiwiri zinthu zinakana.
Ndinakoka ndi mkwiyo wa munthu wanjala,
chingwe chinaduka, ndinagwa chagada m'ngalande.

Aune anatuluka atavala jekete la mwamuna wake.
Anaona mfundo imene tinamanga, napukusa mutu:
"Chibakera chotere chingadutse pati?"
Anaimasula, nakulunga tepi pang'onopang'ono
mpaka mutu wa waya unasongoka ngati karoti.
Tinayambiranso: kajumbo, ulusi, chingwe.
Ulendo uno waya anabwera mwakachetechete,
ngati anali kudikira kuitanidwa mwaulemu.

Pambali pake tinalowetsa ulusi wina wopanda ntchito.
Wa chiyani?
"Wa amene adzafune kukoka waya wina.
Mwina ine. Mwina odzagula nyumba ino."
Teuvo ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zinayi.
Anaumanga ku msomali mfundo ziwiri.

Ndodo yamkuwa tinaikhomera pansi kuti mphezi ipeze njira yake.
Kukamwa kwa paipi tinakuweramitsa,
tinatsekamo tiwaya totsukira mapoto
kuti mbewa zikafune nyumba kwina.
Tinakwirira. Tinapondaponda.

Usiku m'kachipinda kake wailesi inkangoti sii.
Anaitana, natchula zilembo za dzina lake la mumlengalenga.
Zii.
Anaitananso.
Khofi wanga anazizira.
Ndiyeno, pansi penipeni pa phokosolo,
mawu a mayi wina wa ku Tasmania:
akutimva, motsika koma bwino,
kwawo maapulo achita maluwa, kwanu kukutani?
Teuvo anasuzumira pawindo.
"Chipale chofewa chayamba kugwa," anamuuza.

Ndinaganiza za mawu aja
akukwawa m'paipi pansi pa mapazi athu,
kudutsa pa kabowo ka madzi, pomwe panali supuni,
pambali pa ulusi wodikira mwini wake,
asanakwere mlongoti ndi kudumpha nyanja.

Pobwerera kwathu chilonda cha pabwalo chinali chitayera kale.
Panalibenso chondikola mwendo,
komabe pamalopo ndinanyamula phazi.