Gawo Lachiwiri, ku Ulongwe

Makala ndinagulitsa matumba atatu dzuwa lisanafike paliwombo,
lachinayi ndinasiya pangongole kwa mayi wokazinga tchipisi.
Felisimina anandikoka malaya kuyambira pokwerera shapa:
Papa, latuluka gawo lachiwiri.
Lachiwiri la chiyani?
La nyama zija, papa, zolankhula zija.

Baraka la Kasitigo lili kuseri kwa ogulitsa kachewere,
khoma la bango, chitseko kapulana yong'ambika.
Mwana metikali zisanu, wamkulu khumi,
ndipo wamkulu m'menemo ndinali ndekha,
mawondo kugunda chibwano pa benchi la ana,
manja anga akuda bii nditawabisa m'khwapa.

Jenereta inatsokomola kawiri, kanema n'kuyaka.
Nkhalango iyo! Yobiriwira ngati mvula siidziwa kukata,
mitengo yonenepa, yosadziwa nkhwangwa.
Diso langa, lopanda mwambo, linayamba kuwerenga lokha:
uwo matumba makumi awiri,
uwo wopindikawo khumi ndi asanu.

Nyamazo zinabadwa zikulankhula chizungu
koma Kasitigo anazitsitsa mawu, n'kuzibwereka ake.
Nungu kukalipa ngati woitanira shapa ya ku Zobwe,
njiri kudandaula mtengo wa feteleza,
changa kufunsira nkhanga, nkhanga n'kumuuza ayambe wagona usiku.
Kanyimbi akangofika pamsonkhano onse balala,
iye n'kutsala yekha: kodi ndalankhula molakwa?
Ana kuseka mpaka kugwa chagada.
Nane ndinaseka, dzino langa lobenthuka lili poyera.

Kenaka munalowa munthu.
Mphuno ngati mbatata, nkhwangwa paphewa.
Anapunthwa pa muzu, anagwera m'thope,
njuchi zinamupeza kumene buluku linang'ambika.
Mlumeni! Mlumeni! baraka lonse,
ndipo mawu okwera kuposa onse ndinawadziwa,
ndimawamva m'mawa uliwonse akupempha tiyi.

Pomwepo petulo anatha.
Mdima, fungo la thukuta ndi chimanga chootcha,
ana kufuula kuti atibwezere ndalama.
Kasitigo sanabweze kanthu. Anangopitiriza mumdimamo,
mawu a nungu, mawu a njiri, mabingu apakamwa,
mpaka anati: bambo uja anapepesa,
anali ndi ana kunyumba, nyama zinamugawira uchi.
Kaya ndi mmene amathera kanemayo,
kaya Kasitigo anaona manja anga polandira ndalama,
sindinafunse.

Pobwerera njinga inapepuka.
M'malo mwa matumba, mwana mmodzi pa kaliyala,
miyendo lendelende, akuyeseza kulira kwa njiri.
Msewu wa ku Domwe, fumbi lofiira,
uku zitsa, uko zitsa,
utsi wa uvuni wanga ukukwera mowongoka kuseri kwa chulu.

Papa, nungu wa kwathu kuno amalankhula?
Ndili ngati iwe ndinkatola minga yake paphiri paja,
tinkabayira mabowo m'zipewa za mlaza.
Nanga anapita kuti?

Tcheni cha njinga chinagwa pomwepo.
Sindinathokozepo chitsulo monga tsiku limenelo.
Ndinagwada, ndinachedwa nacho dala,
girisi pamwamba pa makala, kuda pamwamba pa kuda.

Akuti lachitatu lituluka chaka chamawa, papa.
Akuti nungu adzakhala ndi ana.
Tidzabwera?
Tidzabwera.
Khumi ndi zisanu, anatero, musadzaiwale,
n'kutsamira mutu pamsana panga,
mpweya wake wofunda kulowa pa chigamba cha malaya.

Kutsikira kudambo patsala muwanga umodzi,
uja ndakhala ndikuuzungulira chiyambire mwezi wa Juni.
Pamwamba pake china chake chinagwedeza nthambi,
kaya gologolo, kaya mphepo chabe.
Ndinapalasa mwamphamvu, maso pa tayala,
monga umadutsira pakhomo pa munthu
amene sunamubweze ngongole yake.