Nkhungu ya Mankhusu

Etore, mzungu wokonza jenereta ku mishoni,
ankati ali mnyamata kwawo ku Italiya
ntchito yake inali yopanga nkhungu.
Ndinaseka. Nkhungu ili ndi mwini wake kumwamba.
Iye anati ayi, ya m'kanema tinkapanga tokha,
wina atagwada ndi chofukizira,
wina akukupiza ndi katoni,
mpaka manda a mapepala ayambe kupuma.

Ndalama kunalibe, ankatero.
Nyumba yachifumu inali chithunzi chomata pa galasi,
nkhalango inali nthambi zinayi
zothamanga nazo kutsogolo kwa kamera.
Masabata awiri filimu yatha,
mfiti yasukusula, yakwera basi,
ikukagula buledi wa ana.

Etore tinamuika kalekale.
Dzana ana a pa Kaphatenga anandipeza
ndikupala bokosi la munthu weniweni.
A Lufeyo, tibwerekeni lina lopanda mwini,
tikujambula zoopsa pa foni ya Twaibu.
Ndinati bokosi langa siliyenda lokha.

Tinalowa m'shedi yakale ya thonje magetsi atazima.
Mileme inabwera yosaitanidwa, yosalipidwa.
Ndinawaonetsa zonse za malemu:
thonje kulimwaza lisanduke ulusi wa kangaude,
tochi kuiveka jumbo yobiriwira uku, yofiira uko,
nkhope igawike pakati ngati papaya.
Osathira oilo chitsekocho,
kulira kwakeko ndiye malipiro athu.
Magazi tinaphika a chidede.
Zelifa anadzola ufa wa kondoole,
nafunda neti yong'ambika,
nagona m'bokosi akuseka kuti mukununkha vanishi.

Ine ndinagwada pa mbaula ya mankhusu a mpunga,
maondo akudandaula, katoni m'manja.
Utsi unakwawa pansi ngati wamva mawu.
Twaibu anati chete.

Chivundikiro chinasuntha pang'ono.
Zala zinayi zoyera, chimodzichimodzi,
zinagwira m'mphepete momwe ndinapala ndekha.
Ndakhoma mabokosi zaka makumi atatu,
la mkazi wanga Enelesi ndinakhomanso ine,
palibe ndi limodzi lomwe linatsegukapo.
Ndikudziwa ufawo, ndikudziwa mwanayo ndi amake,
koma katoni inaima yokha,
malovu anauma,
ndipo chimene chinandigwira sichinali mantha okha.
Ndinkadikira kuona nkhope.

Mdala, utsi! anakuwa Twaibu.
Tinabwereza kasanu ndi kawiri.
Foni inatha moto mzukwa usanafike pakhomo,
mlonda anafuna yake ya fanta,
Zelifa anatsokomola mpaka m'mawa.

Bokosilo lagulidwa lero,
anthu a ku Lifidzi, pa ngolo.
Ndinalipukuta, koma dontho la chidede lakana
pakona, cha kumutu.
Sindinawauze.
Ndangowachotserako faifi sauzande,
ndi kuwapatsa misomali iwiri yapadera.