Bambo Akufuna Tsamba 84

Kachipangizoka ndinakagula pa Tsoka, pakati pa kaunjika,
kali ndi mng'alu pakona ngati chikhadabo chopunthwa.
Dzinkambani wogulitsayo anati: mabuku chikwi amalowamo, mlongo.
Sananene kuti buku limodzi limabwera ndi mitima iwiri.

Loyamba linali PDF.
Ili ndi laliuma.
Tsamba lathunthu, mphepete ndi nambala yomwe,
linadzipanikiza pa galasi losaposa chikhatho
ngati anthu anayi pa mpando wa atatu m'minibasi ya ku Kawale.
Zilembo zinasanduka nyerere.
Bambo, amene anatha zaka makumi atatu
akuyala masamba pa makina osindikizira ku Kanengo,
anavula magalasi, napukuta, navalanso.
Anati tsambali layalidwa ndi munthu wodziwa ntchito.
Koma sanawerenge liwu ndi limodzi lomwe.
Ndikakulitsa, mzere umathawira kumanja,
chala n'kuulondola, galasi n'kuphethira, kuda, kuyera,
pofika kumathero a chiganizo aiwala poyambira.

Lachiwiri, EPUB, ananditumizira pa foni mwana wa achemwali.
Ili ndi madzi: m'chigubu chigubu, m'beseni beseni.
Ndinadina kawiri, zilembo zinanenepa,
mizere inathyoka yokha n'kusendera pansi mosanyinyirika.
Lachitatu usiku, magetsi atazima Chilinde yense,
bambo anamaliza mitu itatu, milomo ikugwedera.

M'mawa mwake anandiitana.
Kadenga ka pa ŵ kapita kuti?
Paliponse pamene panali Malaŵi
panatsala kabokosi kopanda kanthu pakati pa dzina,
ngati dzino lozulidwa.
Nanga tsamba 84 limene ndinalekezera dzulo?
Lero akuti 112, koma mawu ndi omwewo.
Ndinati mwakulitsanso zilembo, bambo, ndiye masamba aswana.
Chosasuntha ndi ichi chili pansichi, 31%.

Anakhala duu nthawi yaitali.
Munthu sauza mnzake kuti tsegula pa peresenti, anatero.

Tsopano mabuku onse awiri ali m'menemo, mogundizana.
Lina amalitsegula kuti aone mmene tsamba liyenera kuimira,
linalo kuti amve zimene likunena.
Ine yanga ndi kutchaja batire kwa Nachisale wa sola
ndi kuwapukutira galasi ndi nsonga ya chitenje.