Tsamba la Mswachi

Ndidalipeza m'chikwama chake bukulo,
pansi pa makope a masamu ndi khoko la nthochi lakuda,
chikuto chitapindika ngati khutu la galu.
Ndinkangofuna kuchapa chikwamacho basi.
Ine ntchito yanga n'kusita malaya a eni
m'kashopu kathu kuno ku Daegu,
nthano za ana a sukulu sindiwerenga.

Koma pensulo ya Da-som inali itayendamo,
mizere kunsi kwa mawu, ina yozama mpaka kuboola pepala.
Nkhani ya mnyamata wanzeru, woyamba m'kalasi,
amene tsiku lina m'mawa
adaima m'bafa, mswachi uli m'manja,
mkono n'kukana kukwera.
Tsamba lonse: iye, mswachi, madzi akungotayika.
M'mphepete mwana wanga adalemba liwu limodzi: eya.

Ndidalibwezera mwakachetechete.
Ndidati n'za msinkhu, zidzatha ngati ziphuphu.
Mayeso aakulu anali pafupi,
aja oti ngakhale ndege zimadikira m'mwamba
kuti phokoso lisasokoneze ana.
Ankafika pakati pa usiku kuchokera kusukulu yachiwiri,
yomwe timalipira ndi makolala zikwizikwi,
n'kudya mpunga choimirira,
ine n'kufunsa: lero wakhala nambala chani?

Filimu yake itatuluka ndidagula matikiti awiri
kuti nane ndioneke mayi womvetsa.

Mnyamata wapakanema anali wokongola mopyola muyeso,
zaka mwina makumi awiri ndi zisanu.
Akati alire, mvula inkagwa pawindo panthawi yake,
piyano n'kumuperekeza.
Adamupatsa chibwenzi cha tsitsi lalifupi
chimene m'buku munalibe,
adathamanga nacho pamlatho, magetsi a mzinda akuphethira,
pomaliza adakhoza mayeso, bambo ake n'kumukumbatira.
Anthu adapukuta m'maso.
Nanenso ndidapukuta, sindibisa.

Tili m'basi ndidati: inali bwino, eti?
Iye chipumi chili pagalasi, adakhala chete masiteji awiri.
"Achotsamo mswachi," adatero.
"M'buku sakhoza. Sathamanga ndi munthu.
Amangodya chakudya cham'mawa
n'kumaliza mbale yonse. Zimathera pomwepo."
Ndidati: nanga ndani angagule tikiti
kukaonera munthu akudya?
Lilime ndidaliluma mawu atatuluka kale.

Usiku umenewo tulo tidandikana.
Ndidalowa m'bafa, ndidayatsa getsi.
M'kapu miswachi itatu.
Wa bambo ake wonyowa. Wanga wonyowa.
Wake wobiriwira uja ndidaukhudza ndi chala:
wouma gwa, ngati udzu wopsa ndi dzuwa.
Masiku angati?
Ine amene ndimaona kadontho ka khofi
pamalaya a munthu asanalowe n'komwe m'shopu.

Kunsi kwa chitseko chake kunkatulukabe kuwala.
Ndidagogoda, chinthu chimene sindichita.
Anali padesiki, buku la sayansi lili yasa,
patsamba lomwe lija ndidaliona Lolemba.
Mawu onse amene ndinkamusungira anali manambala,
choncho ndidangokhala pansi pambali pa mpando wake,
mswachi uja uli m'manja, ngati chitsiru.

"Mawa usapite," ndidatero. "Shopu sinditsegula.
Tikaonane ndi dokotala."
"Nanga mayeso?"
"Mayeso alibe miyendo. Sathawa."
Adaseka, kuseka kong'aluka pakati,
kenaka mapewa adayamba kunjenjemera.
Kunja kunalibe mvula.
Kunalibe piyano.
Firiji yokha inkang'ung'udza kukhitchini,
mamina ake n'kunyowetsa bulauzi
imene ndidaisita ndekha madzulo omwewo,
ndipo mwendo wanga udachita dzanzi, koma sindidasunthe.

Kutacha adadya theka la mbale.
Masipuni ndidawerenga, ndikuvomera,
diso lozolowera silisiya tsiku limodzi,
koma nambala yake sindidaitchule.